Bambo anapulumuka madzi osefukira, tsopano mtima ukuwavuta: kodi ndi maganizo basi?

Funso

Adokotala, zaka ziwiri zapitazo madzi osefukira anakokolola nyumba yathu usiku. Bambo anga, omwe ali ndi zaka 58, anapulumuka atakakamira mtengo mpaka kunja kunacha, koma mlongo wanga wamng'ono anapita ndi madzi iwo akuona. Chichitikireni zimenezo sagona bwino. Amadzuka pakati pa usiku akukuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo mitambo ikangoda amasowa pokhala. Ayambiranso fodya amene anasiya kalekale. Chaka chatha anawapeza ndi BP, ndipo mwezi watha anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kupweteka pachifuwa. Madokotala akuti mitsempha ya mtima yayamba kutsekeka. Achibale akuti ndi maganizo basi, angoiwala zakale. Kodi n'zoona kuti zimene anaona zija ndi zimene zawononga mtima wawo? Nanga ine mwana wawo wamkazi ndiwathandize bwanji?

Yankho

Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha imfa ya mlongo wanu komanso chifukwa cha katundu amene mwasenza zaka ziwirizi. Ndiyankha mosapita m'mbali. Achibale anu akamati "maganizo" sakunama. Mantha aakulu amene sachoka m'thupi amafika mpaka pa mtima weniweniwo, nyama imene imapopa magazi. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa liwu loti "basi". Liwu limenelo ndi limene limachititsa kuti munthu womva kupweteka pachifuwa auzidwe kuti akagone apumeko, pamene anafunika kuthamangira naye kuchipatala. Ndi lomwelonso limachititsa kuti munthu wolota zoopsa usiku uliwonse asalandire chithandizo chilichonse, poti akuti maganizo sapita nawo kwa dokotala.

Tiyambe ndi dzina la zimene mwafotokoza. Munthu sapimidwa kudzera m'kalata, koma kulota zomwezomwezo, kudzuka akukuwa, kusowa mtendere mitambo ikada, zonsezi patadutsa zaka ziwiri, zikufanana kwambiri ndi vuto limene madokotala timalitchula kuti PTSD, kuvutika maganizo kumene kumatsalira munthu akaona imfa ndi maso. Limadziwika ndi zinthu zitatu. Chochitikacho chimabwerera chokha, m'maloto kapena masanasana, ndipo chikabwera munthu amamva ngati chikuchitika nthawi yomweyo, osati ngati akukumbukira zakale. Kenako amayamba kuzemba chilichonse chomukumbutsa: malo, anthu, nkhani, ngakhale mkokomo wa madzi. Ndipo thupi limakhala tcheru usana ndi usiku, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupsa mtima msanga, tulo tosagwira. M'masabata oyambirira pafupifupi aliyense wopulumuka ngozi amakhala choncho, ndipo amenewo si matenda. Timayamba kunena za PTSD zikapitirira mwezi n'kumamulepheretsa munthu kuchita za tsiku ndi tsiku.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumana ndi choopsa chotere nthawi ina pa moyo wawo, koma odwala PTSD mwa iwowo safika 6 pa 100. Ambiri amachira okha pakapita nthawi. Chiwerengerocho chimakwera kwa amene anali pakatikati pa ngoziyo, amene anavulala, amene anaona wawo akufa, ndi amene pambuyo pake anatsala opanda nyumba ndi pogwira. Bambo anu zambiri mwa izi zinawagwera usiku umodzi. Kudwala kwawo sikusonyeza kufooka, ndipo "kungoiwala" si chinthu chimene munthu angalamule ubongo wake kuchita.

Ife olankhula Chichewa nkhaniyi siyenera kutidabwitsa. Timati mtima uli m'mwamba, timati wasweka mtima, timati khazikani mtima pansi, ndipo liwu lake ndi lomwelo limene timatchulira chiwalo cha m'chifuwa. Amene anachedwa kumvetsa ndi ife madokotala. Mu 1871 dokotala wa ku Philadelphia, Jacob Da Costa, analemba za asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America amene mtima unkawathamanga, chifuwa chikuwapweteka, mpweya ukuwaperewera, koma akawapima osapeza chowonongeka. Kwa zaka pafupifupi 100 anthu anakangana ngati vutolo linali la mtima kapena la m'mutu, ngati kuti munthu ayenera kusankha chimodzi. Dzina loti PTSD linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itatha.

Taganizirani zimene zinkachitika m'thupi la bambo ali mumtengo muja. M'kati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuliza belu pakakhala choopsa. Belu likalira, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi timadzi todzutsa thupi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira ndi mwamphamvu, mitsempha imafinyika, BP imakwera, shuga amachuluka m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu, ndipo magazi amakhala okonzeka kuundana msanga kuti munthu akavulala asataye ambiri. Zonsezi ndi zabwino. Ndi zimene zinalimbitsa manja awo mpaka m'mawa. Koma thupi linapangidwa kuti lichite zimenezi kwa maola ochepa, kenako libwerere m'malo. Kwa munthu wa PTSD belu lija silisiya. Mvula ikawomba padenga, thupi limakweranso mumtengo.

Kuwonongeka kwa mtima pambuyo pa ngozi kumabwera m'nthawi ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi ya maola ndi masabata oyambirira. Pa 17 January 1994, nthawi ili 4:31 m'bandakucha, chivomezi chinagwedeza dera la Northridge ku Los Angeles, ku America. Ofufuza atawerenga mabuku a imfa anapeza kuti tsiku limenelo anthu 24 anafa mwadzidzidzi ndi matenda a mtima, pamene m'sabata ya m'mbuyo mwake ankafa anthu osafika 5 patsiku. Ambiri mwa iwo sankathamanga kapena kunyamula zolemera. Chinawapha ndi mantha. Ndiye chochititsa chidwi n'chakuti m'masiku otsatira imfa zotere zinatsika kuposa nthawi zonse. Izi zikutiuza kuti chivomezicho chinathothola amene mitsempha yawo inali itadwala kale, omwe mwina akanafa m'masiku kapena masabata akutsogolo.

Ku Japan anaona zofanana pambuyo pa chivomezi cha ku Kobe mu January 1995. Dokotala Kazuomi Kario, yemwe ankasamalira okalamba a BP pachilumba cha Awaji, pafupi ndi pamene chivomezicho chinayambira, anapeza kuti BP yawo inakwera ndipo magazi awo anayamba kuundana mosavuta m'masabata otsatira. Chivomezi cha ku Niigata mu October 2004 chinaonetsa zinthu zina ziwiri. Anthu ambiri ankagona m'galimoto poopa kulowa m'nyumba, miyendo ili chipindire usiku wonse, ndipo ena magazi anaundana m'miyendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Komanso kunachuluka matenda otchedwa takotsubo, amene madokotala a ku Japan anawafotokoza koyamba mu 1990. Apa mitsempha siitsekeka ayi. Adrenaline wochuluka amafooketsa mbali ya m'munsi ya mtima mwadzidzidzi, mtimawo n'kufufuma ngati mphika umene asodzi a kumeneko amatchera nyama ya m'nyanja yotchedwa okutopasi, komwe kunachokera dzinalo. Odwala 9 pa 10 alionse amakhala amayi, makamaka amene anasiya kusamba. Ambiri mtima umabwerera mwakale m'masabata angapo, koma m'masiku oyamba munthu akhoza kufa nawo. Madokotala a ku Christchurch ku New Zealand anaonanso gulu la odwala otere pambuyo pa chivomezi cha February 2011. Kusweka mtima kumene timanena pamaliro kuja, nthawi zina kumaoneka ndithu pa makina.

Koma nkhani ya bambo anu ili m'nthawi yachiwiri, ya miyezi ndi zaka, ndipo ndi pamene PTSD imalowa kwenikweni. Namondwe Katrina atamiza mzinda wa New Orleans ku America mu August 2005, madokotala a pachipatala cha yunivesite ya Tulane anayerekeza odwala awo. M'zaka ziwiri za m'mbuyo mwa namondweyo, ogonekedwa chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha wa mtima, kumene ambiri amati heart attack, sankafika 1 pa odwala 100 alionse. Pambuyo pake chiwerengerocho chinakwera pafupifupi katatu, ndipo patadutsa zaka 10 chinali chikadali pamwamba. Madzi anaphwa kalekale, nyumba zambiri zinamangidwanso, koma mitima inali isanabwerere. Ku New York, mwa anthu amene anagwira ntchito yopulumutsa anzawo ndi kuchotsa zogumuka pambuyo pa chiwembu chogwetsa nyumba zosanja ndi ndege cha pa 11 September 2001, amene anali ndi PTSD anadwala heart attack kapena sitiroko mowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo, ngakhale onsewo anapuma fumbi lomwelo.

Munthu wochenjera akhoza kufunsa kuti, kodi mwina si kuti anthu ena anangobadwa ndi mtima wosalimba komanso maganizo osachedwa kusokonezeka, ndiye ziwirizi zimangopezeka pamodzi popanda china kubala chinzake? Funsoli ndi labwino, ndipo ofufuza analitengera kwa mapasa. Viola Vaccarino ndi anzake a ku yunivesite ya Emory ku Atlanta anatsatira amuna 562, onse mapasa, amene anali asilikali m'nyengo ya nkhondo ya ku Vietnam, kwa zaka pafupifupi 13. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Mwa amene anali ndi PTSD, pafupifupi 23 pa 100 anadwala mitsempha ya mtima, pamene mwa opanda PTSD anali 9 pa 100. Atayerekeza mapasa a mimba imodzi, wina wodwala PTSD wina ayi, kusiyanako kunachepako koma sikunathe. Anthu a magazi amodzi, oleredwa m'nyumba imodzi, mitima yosiyana chifukwa cha zimene mmodzi anaona.

Ku Sweden anachita chimodzimodzi ndi abale a bere limodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anatenga anthu oposa 136,000 amene anapezeka ndi matenda obwera chifukwa cha zoopsa kapena kupsinjika kwakukulu, kuphatikizapo PTSD, n'kuwayerekeza ndi azichimwene ndi azichemwali awo. M'chaka choyamba chiopsezo cha matenda a mtima ndi mitsempha chinali chokwera ndi 64 pa 100, ndipo m'zaka zotsatira chinali chokwerabe ndi 29 pa 100. Musawerenge manambala amenewa ngati chigamulo. Sakutanthauza kuti anthu 64 pa 100 adzadwala. Akutanthauza kuti ngati pagulu la anthu ena odwala akanakhala 10, pagulu la ovutika chonchi amakhala 16 kapena kuposerapo pang'ono.

Nanga mantha amasanduka bwanji mtsempha wotsekeka? Njira zake ndi ziwiri, ndipo zimayendera limodzi. Yoyamba ndi ya m'thupi momwemo. Munthu wabwinobwino akagona, BP imatsika ndi 10 mpaka 20 pa 100, ndipo mtima ndi mitsempha zimapumako. Munthu wodzuka katatu usiku mtima uli thithithi kupuma kumeneku sakupeza. Cortisol wosokonekera amavutitsa kayendedwe ka shuga m'thupi. Khoma la m'kati mwa mitsempha, limene limayenera kukhala losalala, limayamba kukhakhala, ndipo mafuta amamatirirapo mosavuta. Palinso kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso. Mu 2017 gulu la Ahmed Tawakol ku Boston linajambula anthu 293 ndi makina oonetsa ziwalo zimene zikugwira ntchito kwambiri. Amene amygdala yawo inali yotakataka kwambiri anapezeka kuti m'kati mwa mafupa awo, momwe mumapangidwa maselo oyera a magazi, munalinso motakataka, mitsempha yawo ikuluikulu inali yotupa, ndipo m'zaka zotsatira ndi amene anadwala kwambiri mtima ndi sitiroko. Kutupa kumeneku ndi kumene kumafewetsa mafuta omatirira aja mpaka tsiku lina ang'ambike, magazi aundane pomwepo, njira itsekeke.

Njira yachiwiri ndi ya zochita, ndipo kwa ine ndi yofunika kuimvetsa kwambiri chifukwa ndi imene banja lingagwirepo. Mwatchula fodya. Bambo sanayambirenso kusuta chifukwa choiwala kuipa kwake. Ndudu imawakhazika mtima pansi kwa mphindi zochepa, ndipo munthu amene thupi lake likulira belu tsiku lonse amagwira chilichonse chomupatsa mpumulo. Ena amagwira mowa kuti apeze tulo. Ena amasiya kuyenda, amangokhala m'nyumba, thupi n'kumanenepa. Ngozi imatenganso mankhwala ndi makadi a kuchipatala, ndipo munthu wa BP kapena shuga amatha miyezi osamwa kanthu. Kafukufuku wa anamwino achikazi pafupifupi 50,000 ku America, wotuluka mu 2015, anapeza kuti amene anali ndi zizindikiro zambiri za PTSD chiopsezo chawo chodwala heart attack kapena sitiroko chinakwera ndi 60 pa 100, ndipo pafupifupi theka la kukwerako linadzera mu zinthu ngati fodya, kunenepa, BP ndi shuga. Ofufuza ena, a gulu la Jeffrey Scherrer ku St. Louis, pa kafukufuku wa asilikali opuma amene anatuluka mu 2019, anapeza kuti mukachotsa fodya, kukhumudwa, kusagona ndi matenda ena oyenda ndi PTSD, mgwirizano wake ndi mtima umatsala wochepa kwambiri. Ena amawerenga zimenezi ngati umboni woti PTSD ilibe mlandu. Ine ndimaziwerenga mwina. Ngati chinabweza ndudu m'manja mwa bambo ndi usiku uja, ndiye kuti fodyayo ndi njira imene usiku uja wadzera kuti ufike pa mtima.

Tsopano funso lanu lenileni: kodi madzi aja ndi amene anawononga mtima wa bambo? Ndinene moona. Mafuta otseka mitsempha ya mtima samatirira m'zaka ziwiri zokha. Amayamba munthu akadali wachinyamata n'kumawonjezeka pang'onopang'ono, ndipo mwamuna wa zaka 58 amene anasutapo kale ayenera kuti anali nawo madzi asanabwere. Chimene ngoziyo ndi zotsatira zake zingachite ndi kufulumizitsa zimene zinkayenda pang'onopang'ono: kukweza BP, kulanda tulo, kubweza fodya, kukolezera kutupa. Matenda amene mwina akanaonekera ali ndi zaka 70, kapena osaonekera n'komwe, aonekera lero. Ndikunena izi kuti musataye nthawi kufunafuna chinthu chimodzi choti muchiloze chala. Zimene zikuwononga panopa zikudziwika, ndipo zambiri mwa izo zimasinthika.

Pali chinthu china chimene mabanja ambiri sachiyembekezera. Msewu umenewu umapita uku ndi uku. Kugonekedwa ndi mtima nakonso ndi kuona imfa. Donald Edmondson wa ku yunivesite ya Columbia anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2012 n'kupeza kuti munthu mmodzi pa 8 alionse opulumuka heart attack kapena vuto lofanana nalo amayamba zizindikiro zamphamvu za PTSD chifukwa cha kudwalako, ndipo otere chiopsezo chodwalanso kapena kufa chimawirikiza kawiri. Wothawa madzi akhoza kusamukira kumtunda, koma wothawa mtima wake alibe kopita. Kugunda kulikonse kwachilendo kumamuopsa. Ena amazemba mapiritsi chifukwa botolo lenilenilo limawakumbutsa tsiku lija. Ena amakana kuyenda mofulumira chifukwa mtima ukathamanga amamva ngati zayambiranso. Choncho muziyang'ana ngati mankhwala a bambo akutha pa nthawi yake. Mukapeza botolo lili lodzaza mwezi utatha, musawakalipire. Afunseni chimene chimawavuta akaligwira.

Apa ndifike pa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mantha obwera mwadzidzidzi amapweteketsa chifuwa, amabanikitsa, amatulutsa thukuta, amachititsa chizungulire. Heart attack imachitanso zomwezo. Ngakhale dokotala wazaka zambiri pantchito sangasiyanitse ziwirizi ndi maso okha. Amafuna ECG, komwe ndi kujambula kagundidwe ka mtima ndi makina, ndi kuyeza magazi kuti aone troponin, chinthu chimene chimatuluka nyama ya mtima ikawonongeka. Ndiye inu kunyumba musayese kusiyanitsa. Kwa munthu amene anauzidwa kale kuti mitsempha yake ikutsekeka, kupweteka kapena kulemera pachifuwa kopitirira mphindi zochepa, kofalikira ku mkono, nsagwada kapena msana, kobwera ndi befu, nseru, thukuta lozizira kapena kukomoka, n'kofunika chipatala nthawi yomweyo, ngakhale kutayamba atangodzuka ku maloto oipa, ngakhale mwezi watha munapita n'kuuzidwa kuti palibe chatsopano. Chimodzimodzi nkhope ikapotoka, mkono ukafooka kapena mawu akayamba kusamveka. Kupita pachabe kasanu kuli bwino kusiyana ndi kukhala pakhomo ulendo umodzi wolakwika. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva n'kupweteka komwe, amangofooka ndi kubanika.

Chithandizo chiyenera kugwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Za mtima madokotala awo ayamba kale: mankhwala a BP, otsitsa mafuta m'magazi, oletsa magazi kuundana. Amwe tsiku lililonse, ngakhale akumva bwino, ndipo asasiye okha, makamaka a gulu la atenolol ndi bisoprolol, amene kuwasiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima moopsa. Ngati mungathe kupeza makina oyezera BP kunyumba, yezani m'mawa ndi madzulo atakhala pansi mphindi zisanu, muzilemba m'kabuku pamodzi ndi mmene anagonera usiku umenewo. BP yomangokhala pa 140/90 kapena kuposa ikufunika kuti dokotala aionenso. Asamale ndi mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene amakweza BP ndipo sagwirizana ndi mtima wodwala. Mchere uchepe. Kuyenda kuyambe pang'ono, dokotala akavomereza, mpaka kufika mphindi 150 pasabata, ndipo poyamba aziyenda ndi munthu kuti mtima ukathamanga pakhale wowakumbutsa kuti uku n'kuthamanga kwabwino.

Koma dokotala wa mtima sangathandize chimene sanauzidwe, ndipo kunena zoona ambiri a ife sitifunsa. Timayang'ana manambala, timalemba mankhwala, wodwala n'kutuluka. Amuna a msinkhu wa bambo anu nawonso sayamba okha kunena kuti amalira usiku. Ndiye pa ulendo wotsatira mupite nawo, mutagwirizana nawo kale kunyumba, ndipo munene momveka kuti anapulumuka madzi, anaona mwana wawo akupita, ndipo kwa zaka ziwiri sagona. Pemphani kuti awatumize kwa wodziwa za matenda a maganizo.

PTSD imachizika, ngakhale patapita zaka. Chithandizo champhamvu kwambiri ndi cha kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, chimene chimalunjika pa chochitikacho. Pali njira yotchedwa CBT yolunjika pa zoopsa, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, ndi ina yotchedwa EMDR, imene munthu amakumbukira chochitikacho akuyendetsa maso uku ndi uku, ndipo zonsezi WHO imazivomereza. Nthawi zambiri zimatenga maulendo 8 mpaka 16. Mlangizi amamuthandiza munthu kubwerera ku usiku uja pang'onopang'ono, ali pamalo otetezeka, mpaka ubongo uphunzire kuti zinachitika ndipo zinatha. Amagwiranso maganizo odziimba mlandu, ndipo ndikukayikira kwambiri kuti bambo amene anaona mwana wake akupita ndi madzi alibe funso loti "bwenzi nditatambasula dzanja". Masabata oyamba amawawa, ndipo ena amafuna kusiya. Muwauziretu zimenezi. Phindu lake silithera m'mutu mokha. Gulu lomwe lija la ku St. Louis linapeza kuti asilikali amene PTSD yawo inachepa kwambiri, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika pafupifupi ndi theka. Ndipo munthu amene wayamba kugona ndi amene amakhala ndi mphamvu zosiya fodya. Kuwalanda ndudu osagwira chimene chikuwasutitsa kawirikawiri sikupita patali, ngakhale kusiya fodyako sikuyenera kudikira mpaka maloto atatheratu.

Mankhwala alipo othandiza, koma kwa wodwala mtima asankhidwe mosamala. Sertraline ndi amodzi mwa amene amaperekedwa pa PTSD, ndipo anayesedwa mwa odwala mtima n'kupezeka kuti savuta. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndipo akamwedwa pamodzi ndi aspirin amawonjezera pang'ono kutuluka magazi, choncho madokotala onse awiri adziwe zimene mnzake walemba. Amitriptyline, amene amapezeka mosavuta ndipo ambiri amapatsidwa kuti agone, amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima wodwala. Venlafaxine amatha kukweza BP. Diazepam ndi anzake amagonetsa usiku woyamba, koma sachiza PTSD, amazolowereka msanga, ndipo akaphatikizana ndi mowa ndi oopsa. Asalandire mapiritsi a tulo kwa mnansi. Ngati amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika m'tulo, nenaninso, chifukwa kubanika kwa m'tulo kumakweza BP ndipo kumapezeka kawirikawiri mwa odwala PTSD.

Kunyumba musawakakamize kufotokoza za usiku uja, komanso musawatseke pakamwa akayamba. Mawu oti "iwalani" ndi oti "limbani mtima, ndinu bambo" amamveka achikondi kwa wonena, koma wowamva amaphunzirapo kuti asadzanenenso. Akadzuka akukuwa, yatsani nyale, atchuleni dzina, auzeni kumene ali ndi kuti kunja kuli bata. Musawagwire mwadzidzidzi. Nyengo ya mvula isanafike, khalani nawo pansi mukonze: kumene mudzapite madzi akadzakwera, amene adzanyamule ndani, ndi kathumba kosalowa madzi kokhala ndi mankhwala a masabata awiri ndi pepala lolembapo mayina ake. Thupi limene likudziwa chochita silichita mantha ngati limene likungodikira. Ndipo ngati anganene kuti kuli bwino akanapita iwo, kapena kuti atopa ndi moyo, afunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Akavomera, musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

M'kalata yanu mwalemba kuti "nyumba yathu" ndi "mlongo wanga", koma za inu simunanene kanthu. Ngati munalipo usiku umenewo, kapena ngati ndinu amene mwakhala mukudzuka nawo zaka ziwirizi, mukapita ndi bambo kuchipatala mukapereke mkono wanu akuyezeni BP, ndipo dokotala akakufunsani mmene mukugonera mukamuuze zoona.